Makwerero a zilembo 177

Atsibweni anga anayamba kudwala mu Seputembala chaka cha 2012, ine ndili Fomu 3, ndipo kwa miyezi pafupifupi itatu aliyense pakhomo pathu ankakhulupirira kuti akuvutika ndi malungo osamva mankhwala. Mudzi wathu uli m'boma la Nkhotakota, kufupi ndi malire a nkhalango yotetezedwa, chakumene mtsinje wa Bua umatsikira kunyanja, ndipo atsibweniwo ankakonda kukawedza ndi kukamweta udzu m'mbali mwa mtsinjewo. Kulumidwa ndi kashembe sinali nkhani kwa iwo, moti chotupa chimene chinatuluka kuseri kwa mwendo wawo n'kudzaphwa chokha palibe amene anachiwerengera.

Ulendo woyamba kuchipatala chaching'ono, kachipangizo koyezera malungo kanaonetsa mizere iwiri ndipo anawapatsa LA. Thupi linazizirako masiku angapo, kenako linatenthanso. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu magazi awo anapakidwa pa silaidi n'kuonedwa pa maikulosikopu, ndipo maulendo awiri onsewo yankho linali lakuti mulibe kanthu. Amayi anga anachita mantha enieni tsiku limene anapeza achimwene awowo ali m'tulo masanasana pakati pa chakudya, mbamu ya nsima ikadali m'dzanja. Kuchipatala chachikulu anawatenga madzi a mumsana, ndipo m'madzi amenewo ndi mmene munapezeka tizilombo ta kaodzera. Apa n'kuti titafika kale ku ubongo, choncho mankhwala amene analipo anali melarsoprol, jakisoni wokhala ndi poizoni wotchedwa arsenic, amene amapha pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 20 alionse omulandira. Atsibweni anapulumuka, ngakhale kuti dzanja lawo lamanja limanjenjemera mpaka lero ndipo kumtsinje anasiya kupitako.

Funso limene linandikakamira kuyambira nthawi imeneyo linali limodzi. Kachilomboka kanali m'thupi mwawo miyezi yonseyi, nanga zinatheka bwanji kuti anthu ophunzira ntchito ayang'ane m'magazi kawiri konse osakaona? Kwa zaka zambiri yankho langa linali lakuti sanasamale, ndipo ndinasunga mkwiyo umenewo mpaka ine mwini ndinakhala pampando wofanana ndi wawo.

## Zimene ndinaphunzitsidwa kuphimba

Nditamaliza maphunziro a za labu ndinapeza ntchito pa kafukufuku wina wa matenda ochokera ku ziweto ndi nyama zakutchire, ndipo mu 2019 anatitumiza kumaphunziro a milungu iwiri a kawerengedwe ka DNA pa kompyuta. DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, G ndi C, ndipo zilembo zonse za chamoyo chimodzi zikakhala pamodzi zimatchedwa genome. Makina amene ma labu ambiri ali nawo sawerenga genome kuchokera koyambirira kukafika kumapeto. DNA imayamba yadulidwa m'tizidutswa, makinawo n'kuwerenga zilembo pafupifupi 150 pa kadutswa kalikonse, ndipo kompyuta ndiyo imafufuza pamene kadutswa kena kakulumikizana ndi kanzake pakati pa tizidutswa mamiliyoni ambiri.

Taganizirani chitenje chokhala ndi nkhope ya munthu pakati, ndi maluwa ofanana ndendende m'mphepete monse. Mutachidula m'tizigamba tating'ono n'kupatsa telala kuti achilumikizenso, nkhopeyo siingamuvute kwambiri, chifukwa diso ndi khutu zili ndi malo ake odziwika. Maluwa ndi amene angamusowetse mtengo wogwira, popeza kachigamba kalikonse kangakwane paliponse, ndipo telalayo sangadziwe n'komwe kuti maluwawo analipo angati. Zimenezi ndi zomwe zimachitikira kompyuta ikakumana ndi DNA yobwerezabwereza, ndiko kuti chiganizo chimodzi cha zilembo cholembedwa kambirimbiri, kaya motsatizana kaya momwazikana. Imafika pamenepo n'kuima, genome n'kutuluka yoduka m'zigawo mazanamazana.

Choncho phunziro la tsiku lachitatu linali la kuphimba zobwerezabwereza. Pali pulogalamu yotchedwa RepeatMasker imene imazifufuza n'kulemba chilembo N pamalo pake, kuti munthu aone bwino ma gene, amene ndi zigawo za DNA zokhala ndi malangizo opangira mapuloteni. Ndikukumbukira kuti ndinkasangalala kuona mizere italiitali ya N ikudzaza pa kompyuta, ngati munthu amene wasesa pabwalo. Mphunzitsi wathu anatchulapo Susumu Ohno, katswiri amene mu 1972 anatchukitsa mawu ofanizira DNA yopanda ma gene ndi zinthu zotayidwa, ndipo ngakhale anachenjeza kuti maganizo amenewo anasintha, chimene chinakhazikika mwa ine chinali chakuti kofunika kuli ku ma gene.

Pamaphunziro omwewo tinawerenga za genome ya Trypanosoma brucei, kachilombo ka selo imodzi kamene kamadwalitsa anthu kaodzera ndiponso kamapha ng'ombe. Inasindikizidwa mu 2005 m'magazini ya Science, ndipo inali ndi ma chromosome akuluakulu 11 (chromosome ndi chingwe chimodzi chachitali cha DNA), zilembo pafupifupi 26 miliyoni ndi ma gene pafupifupi 9,000. Panali mawu ena ofotokoza kuti kachilomboka kalinso ndi tima chromosome ting'onoting'ono pafupifupi 100 timene sitinaphatikizidwe m'chiwerengerocho. Ndinawawerenga mawuwo n'kupitirira, osafunsa kuti m'timeneto muli chiyani.

## Lachinayi madzulo

Mu 2021 labu yathu inalandira magazi a anthu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango, odonthezedwa pa timapepala n'kuumitsidwa, kapepala kalikonse kali ndi nambala yokha popanda dzina. Magazi onsewa anali ataonedwa kale pa maikulosikopu kumudzi komweko, zotsatira zake n'kulembedwa m'buku. Ntchito yanga inali kuboola kadontho pa kapepala, kutulutsamo DNA, kenako kuiyeza ndi PCR, njira imene imasankha kachigawo kamodzi ka DNA n'kukachulukitsa kambirimbiri mpaka kaoneke ndi maso. Kuti PCR idziwe kachigawo koyenera kuchulukitsa pamafunika ma primer awiri, tizidutswa tifupitifupi togwira koyambira ndi kothera kwa kachigawoko, ndipo athu ankatchedwa TBR. Ndinkangotsatira pepala la malangizo limene linamatidwa pakhoma, ndipo ndinali ndisanafunsepo kuti ma primer amenewa amagwira pati.

Tsiku limenelo ndinathira zitsanzo 20, chilichonse m'njira yakeyake, mu gel, chinthu chonga phala louma chimene chimasanja tizidutswa ta DNA m'mizere malinga ndi kutalika kwake, ndinadikira mphindi 40, kenako ndinazimitsa getsi n'kuyatsa nyale ya UV. Kumanzere kwenikweni kunali mzere woyezera, wokhala ndi timizere tosiyana ndi zilembo 100. Njira zambiri zinali zakuda bii. Koma m'njira ya nambala 14 munali timizere tinayi towala, tosanjikizana, ka m'munsi kowala kwambiri, ta m'mwamba tikunka tizimirira, ngati makwerero otsamira khoma usiku.

Ine ndinaphunzitsidwa kuti PCR yoyenda bwino imabala mzere umodzi woonekera bwino, ndipo mizere ikachuluka ndiye kuti china chake chalakwika. Ndinatsegula buku n'kupeza kuti pa nambala imeneyo maikulosikopu sinaone kanthu, zimene zinanditsimikizira kuti ndaipitsa chitsanzocho. Ndinalemba kuti chiyezedwenso mlungu wotsatira, ndipo ndinavala magolovesi kuti ndinyamule gel ija ndikataye.

Mayi amene ankatiyang'anira, amene anagwira ntchito pa tizilombo ta ng'ombe kwa zaka zoposa 20, anali atakoleka kale chikwama paphewa kuti azipita. Podutsa anasuzumira m'bokosi la nyale lija, n'kuima.

"Achimwene, tadikirani kaye. Njira ya madzi opanda DNA yaonetsa kanthu?"

"Ayi, Mayi, imeneyo ndi yoyera."

"Nanga kuipa mukunenaku kwalowera pati? Tandiwerengereni mizereyi."

Ndinawerenga ndikuyerekeza ndi mzere woyezera. Woyamba unali pansi pang'ono pa 200, wachiwiri pakati pa 300 ndi 400, wachitatu pamwamba pang'ono pa 500, ndipo wachinayi, umene unkangooneka mwa apo ndi apo, unali chapafupi ndi 700.

"Tsopano muone kuti mzere uliwonse ukusiyana bwanji ndi unzake."

Ndinawerengetsera pa kachidutswa ka pepala, ndipo paliponse kusiyanako kunali kofanana, chapakati pa 170 ndi 180.

"Ndi 177," anatero mayiwo. "Ma primer anuwa akufuna chiganizo cha zilembo 177, ndipo chiganizocho chinalembedwa motsatizana, china pambuyo pa chinzake, maulendo masauzande. Primer yoyamba ikagwira apa, yachiwiri ikhoza kugwira pa chiganizo chomwechi, kapena pa chotsatira, kapena pa chachitatu. Gel imeneyi musataye, achimwene. Munthu ameneyu ali nako kachilombo."

Anatula chikwama chija pampando n'kuimbira foni dokotala wa kafukufukuyo, amene yekha anali ndi kaundula wolumikiza manambala ndi mayina. Patapita masiku 9 tinamva kuti munthuyo anapezeka, magazi ake anazungulitsidwa m'timachubu kuti tizilombo tisonkhane malo amodzi, ndipo ulendo uno tinaoneka tikupiringizika. Tizilomboto tinali tisanafike ku ubongo, choncho analandira mankhwala a suramin, osati melarsoprol.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Sindinkaganiza kwambiri zakuti ndikanataya gel, popeza chitsanzocho chikanayezedwanso. Chimene chinkandizunguza chinali chakuti chinthu chomwe ndinkachiphimba ndi zilembo N mosangalala ndicho chinapeza munthu amene maikulosikopu inamuphonya, monga mmene inawaphonyera atsibweni anga.

## Kumene zilembo 177 zimakhala

Mmawa wake ndinabwerera ku mawu aja ndinawalumpha. Tima chromosome ting'onoting'ono ta Trypanosoma brucei timakhala ndi zilembo zapakati pa 50,000 ndi 150,000 kalikonse, ndipo mbali yaikulu ya kalikonse ndi chiganizo chomwechi cha zilembo 177. Chinafotokozedwa mu 1983 ndi gulu la Piet Borst ku Amsterdam, ndipo mu 1989 ofufuza ena anaonetsa kuti chingagwiritsidwe ntchito popeza kachilomboka ndi PCR. Mu 2004 gulu la Keith Gull ku Oxford linaonetsa mmene chinayalidwira: ziganizozo zimayang'ana mbali imodzi kuchokera kunsonga kukafika pakati, kenako zimatembenuka n'kuyang'ana mbali inayo mpaka kunsonga yachiwiri. Selo ikamagawikana, tima chromosome timeneti timagawidwa mwadongosolo kwa ana ake awiri, ndipo ofufuza ambiri amaona kuti ziganizo zobwerezedwazi ndizo zimathandiza kuti tisatayike.

Chifukwa chimene njirayi imagwirira ntchito n'chosavuta kumva. Kadontho ka magazi pa kapepala kakhoza kukhala ndi kachilombo kamodzi kapena kachidutswa chabe ka kachilombo kosweka. Mukamafuna gene imene imapezeka kamodzi mu genome, zili ngati kumvetsera munthu mmodzi akuitana kutsidya kwa mtsinje wosefukira. Mukamafuna chiganizo cholembedwa maulendo masauzande, ndiye kuti mudzi wonse ukuitanira pamodzi.

Nditazindikira zimenezi ndinayamba kuziona paliponse m'ntchito yathu. Trypanosoma cruzi, kamene kamayambitsa matenda a Chagas ku Latin America, kamapezedwa ndi chiganizo cha zilembo 195 chobwerezedwa maulendo pafupifupi 100,000. Toxoplasma gondii kamapezedwa ndi cha zilembo 529 chobwerezedwa maulendo 200 mpaka 300. Pa malungo, PCR yakale inkafuna gene yopezeka malo ochepa chabe mu genome ya Plasmodium falciparum, koma mu 2015 ofufuza a ku Basel anasankha zigawo ziwiri zobwerezedwa, china maulendo 59 ndipo china pafupifupi 250, n'kupeza m'magazi a ku Tanzania anthu ambiri okhala ndi kachilombo amene njira yakale inkawaphonya. Ngakhale kachipangizo kaja kanaonetsa mizere iwiri pa atsibweni anga kamadalira chibwereza, chifukwa puloteni ya HRP2 imene kamafufuza inapangidwa ndi timagawo tifupitifupi tobwerezedwa kambirimbiri, motero pali malo ambiri pamene mankhwala a m'kachipangizoko angagwire.

## Malaya osinthasintha

Zimenezi zinandiuza mmene tinamupezera munthu wa nambala 14, koma zinali zisanayankhe funso langa lakale. Yankho lake ndinalipeza m'zobwerezabwereza za mtundu wina, ndipo mbiri yake ikuyambira pafupi ndi kwathu.

Mu 1910 ku Liverpool kunali wodwala amene anatenga kaodzera kuchigwa cha Luangwa, m'dziko limene lero ndi Zambia. M'magazi ake ndi mmene ofufuza awiri, Stephens ndi Fantham, anapeza kachilombo kamene anakatcha rhodesiense, mtundu womwewu umene uli ku Nkhotakota, ku Kasungu ndi ku Rumphi. Ronald Ross ndi David Thomson anawerenga tizilombo m'magazi a wodwalayo tsiku ndi tsiku, ndipo anapeza kuti chiwerengero chake chinkakwera kwambiri, n'kugwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, n'kukweranso, pafupifupi mlungu uliwonse. Panapita zaka zoposa 60 kuti chifukwa chake chidziwike bwino. Mu 1975 George Cross ku Cambridge anaonetsa kuti kachilomboka kamakutidwa ndi puloteni ya mtundu umodzi, imene lero imatchedwa VSG, ndipo timadziwa tsopano kuti pa selo imodzi pamakhala tizidutswa ta puloteniyi pafupifupi 10 miliyoni, tothithikana ngati udzu wa denga lofoleredwa bwino.

Asilikali a m'thupi amaphunzira kuzindikira malaya amenewa, ndipo akawazindikira amapha pafupifupi tizilombo tonse towavala. Koma pofika nthawi imeneyo tina towerengeka timakhala titavala kale malaya ena, ndipo timeneto ndi tomwe timachulukana n'kubweretsa funde lotsatira. Mu mtundu umodzi wa kachilomboka umene unafufuzidwa kwambiri munapezeka ma gene a VSG oposa 2,000, ambiri mwa iwo osweka kapena osakwanira. Ena ali m'mizere italiitali chakunsonga kwa ma chromosome akuluakulu, ndipo ena ali kunsonga kwa tima chromosome ting'onoting'ono tija. Apa ndi pamene ndinamvetsa ntchito ya timeneti. Kalikonse kali ngati mtengo wopachikapo malaya, thunthu lake lopangidwa ndi zilembo 177, ndipo tambiri mwa timeneti tili ndi VSG kunsonga.

Pa nthawi imodzi gene imodzi yokha ya VSG ndi imene imawerengedwa, kuchokera pa amodzi mwa malo apadera pafupifupi 15 amene ali kunsonga kwa ma chromosome. Kuti malaya asinthe, kawirikawiri gene ina imakoperedwa kuchokera kosungira n'kuikidwa pamalopo, yakale n'kufufutika. Kukopera kotereku kumafuna kuti DNA ya mbali ziwirizi ikhale ndi pofanana pogwirana, ndipo pofananapo ndi chiganizo china chobwerezedwa, cha zilembo pafupifupi 70, chimene chili kutsogolo kwa ma gene ambiri a VSG ndiponso m'mzere wautali pa malo owerengera aja. Mu 2009 ofufuza a ku Rockefeller University ku New York anadula dala DNA pafupi ndi ziganizo zimenezi, ndipo kusintha malaya kunawonjezeka kwambiri. Matendawa akakhalitsa, kachilomboka kamalumikizanso zidutswa za ma gene osweka aja n'kupanga malaya amene sanakhalepo n'kale lonse.

Pambuyo pa gene ya VSG pali chibwereza chachitatu, zilembo TTAGGG zolembedwa kambirimbiri kutseka nsonga ya chromosome. Zinandikhudza kumva kuti zilembo zomwezi ndi zimene zimatseka nsonga za ma chromosome athu anthufe, ndipo kuti zinadziwika mu kachilomboka mu 1984, zaka zinayi zisanadziwike mwa munthu.

Ndinakhala pansi n'kuwerengetsera masiku a atsibweni. Munthu wakumudzi sapita kuchipatala tsiku limene thupi latentha kwambiri, chifukwa tsiku limenelo sangakwere njinga. Amapita akapezako bwino, ndipo nthawi imeneyo ingathe kukhala yomwe funde lagwa. Kuwonjezera apo, ofufuza apeza kuti kaodzera wa ku Nkhotakota amakonda kuyenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi wa ku Rumphi kapena wa ku Uganda. Munthu woyang'ana silaidi amaona kadontho kochepa zedi, ali ndi mzere wa odwala panja, ndipo wauzidwa kuti afufuze malungo. Ndayang'anapo masilaidi mazana ambiri tsopano, ndipo ndikudziwa kuti akanatha kusamala ndi mtima wonse n'kusapezabe kanthu. Mkwiyo umene ndinausunga zaka pafupifupi khumi unali wolunjika kwa anthu osalakwa.

## Chimafuula koma sichitchula dzina

Sindikufuna kuti wowerenga aganize kuti chiganizo cha zilembo 177 chimathetsa zonse, chifukwa ine ndimene ndimakumana ndi malire ake mlungu uliwonse. Chiganizochi chili mwa tizilombo tonse ta banja la brucei: ka rhodesiense, ka gambiense kamene kali kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndi ka brucei weniweni kamene kamadwalitsa ziweto koma kamaphedwa ndi puloteni ya m'magazi a munthu yotchedwa APOL1. Makwerero akaoneka m'magazi a ng'ombe kapena mwa kashembe wogwidwa m'msampha, sanena ngati kachilomboko kangadwalitse munthu. Chimene chimasiyanitsa rhodesiense ndi gene yotchedwa SRA, imene imakateteza ku APOL1, ndipo ndi imene ofufuza anagwiritsa ntchito ku Uganda mu 2001 poonetsa kuti ng'ombe zikusunga kachilombo kodwalitsa anthu. Koma SRA siibwerezedwa maulendo masauzande, choncho tizilombo tikachepa imakhala chete. Pa nambala 14 paja, SRA sinaonetse kanthu ulendo woyamba. Nthawi zambiri timakhala ndi mayeso amodzi omva kwambiri koma osatchula dzina, ndi ena otchula dzina koma ogontha.

Kumva kwambiri kulinso ndi mtengo wake. Kafumbi kosaoneka kochokera ku PCR ya dzulo kakhoza kuwalitsa njira imene imayenera kukhala yakuda, ndipo n'chifukwa chake funso loyamba la mayi aja linali la madzi opanda DNA. Komanso DNA ikhoza kupezekabe mwa munthu amene analandira kale mankhwala, motero makwerero paokha si chifukwa chokwanira chomubayira munthu jakisoni.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mtunda umene ulipo pakati pa labu ndi mudzi. Kaodzera wa gambiense ali ndi kachipangizo koyezera mwachangu, chifukwa odwala ambiri kumeneko amakumana ndi malaya ena ofanana amene kachipangizoko kamadalira. Wa rhodesiense alibe, ndipo kuchipatala chaching'ono chida chikadali maikulosikopu. Mu 2008 kunatuluka njira ya LAMP yofufuza chibwereza china chotchedwa RIME, chimene chinamwazikana malo pafupifupi 500 mu genome, ndipo njirayi imangofuna kutentha kosasinthasintha m'malo mwa makina a PCR, komabe sinafike poti n'kukhala chida cha tsiku ndi tsiku m'midzi ngati yathu. Ku mbali ya mankhwala zinthu zasuntha. Fexinidazole, mankhwala akumwa kwa masiku 10, anayesedwa ku Rumphi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda mothandizidwa ndi bungwe la DNDi, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linavomereza kuti angagwiritsidwe ntchito pa rhodesiense. Wodwala wa lero akhoza kupewa melarsoprol, koma ayenera kuyamba wapezeka, ndipo m'maganizo mwanga ndalama ndi nzeru zimene zapita ku mbali ya kupeza wodwala n'zochepa poyerekeza ndi kukula kwa vutolo.

Pa kompyuta, RepeatMasker ndimaigwiritsabe ntchito, chifukwa pofufuza ma gene ndi yofunika. Chimene chinasintha n'chakuti ndisanaphimbe ndimayamba ndatsegula ndandanda ya zimene yapeza, kuona kutalika kwa chiganizo chilichonse, kuchuluka kwake ndi malo amene chili. Makina atsopano owerenga zilembo masauzande ambiri pa kadutswa kamodzi athandizanso, moti mu 2018 kunatuluka genome ya Trypanosoma brucei yokhala ndi mizere ya VSG ya kunsonga imene kale inkangotuluka yodukaduka. Telala uja akapatsidwa zigamba zikuluzikulu, maluwa amayamba kupeza malo ake.

## Pakhonde pa atsibweni

Ndinapita kumudzi pa Khirisimasi ya 2024, ndipo m'njira yochokera pamsewu waukulu ndinadutsa nsalu zabuluu ndi zakuda zomangidwa pamitengo zokopa akashembe. Atsibweni ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa ndi dzanja lamanzere. Titamaliza malonje ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha gel ija, chimene ndinachisunga kuyambira tsiku lomwelo. Ndinawafotokozera za malaya osinthasintha, za mafunde, ndi zakuti mwina masiku awiri aja anapita kuchipatala funde litagwa.

Anamvetsera osandidula mawu, kenako anafunsa kuti: "Ndiye ukuti anyamata aja sananame, mphwanga?"

"Sananame, atsibweni. Pa silaidi panalibedi kanthu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutenga foniyo kuiyandikiza kumaso. Anawerenga timizere tija ndi chala chonjenjemera chija, kuyambira m'munsi, ndipo ka pamwamba anakapeza okha ndisanawalozere.

"Magazi amenewa ndi a yani?"

Ndinawauza kuti ife timapatsidwa nambala yokha, ndipo ngakhale ndikanadziwa dzina sindikanaloledwa kulitchula. Anandibwezera foni, anaika mpeni pansi, ndipo anayamba kupinda zala chimodzichimodzi, akuwerenga chamumtima anthu a m'midzi ya m'mbali mwa Bua amene anawaona akuodzera kuyambira chaka chimene iwo anadwala. Dzanja lamanzere litatha anapitiriza ndi lamanja.